Chitseko Chikatsekedwa: Luso ndi Ufulu wa Mmisiri pa Nthawi ya M'bindikiro

 

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya munthu waluso amene chitseko chamutsekera. Ambiri mukangomva mawu oti m'bindikiro mukukumbuka chaka cha 2020, ndipo mukukumbuka bwino. Pa 20 Malichi chaka chimenecho boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sukulu zinatsekedwa, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa, ndipo pa 2 Epulo tinamva za odwala atatu oyamba. M'bindikiro wa masiku 21, umene unkayenera kuyamba pa 18 Epulo, unaimitsidwa ndi khoti lalikulu, amalonda a m'misika atadandaula kuti njala iwapha matenda asanawafike. Choncho dziko lonse silinabindikire. Koma ife aluso tinabindikira ndithu. Maphwando a maimbidwe anaima, maukwati anachepa, alendo ogula ziboliboli anasiya kubwera, ndipo woimba amene ankadyera ndalama zapakhomo anangokhala ndi gitala lake m'nyumba. Pofika Januwale 2021 tinali tikuika maliro a anzathu, ena mwa iwo mayi Maria Chidzanja Nkhoma ndi bambo Wambali Mkandawire.

Komatu m'bindikiro sunayambe ndi mliri ndipo sunathe ndi mliri. Alipo mphunzitsi amene anamutumiza kusukulu ya kutali, komwe sadziwa aliyense. Alipo mayi amene wakhala miyezi akudwazika amuna ake, osapita ngakhale kukwaya. Alipo mnyamata wathu ku Joni amene akaweruka amadzitsekera m'kachipinda poopa kufunsidwa mapepala. Alipo wandende, wothawa nkhondo, wamasiye, ndi wodwala amene thupi lamukaniza kutuluka. Ena mwa amenewa ali ndi nyimbo m'chifuwa, ena ndakatulo, ena luso la manja. Funso langa ndi lakuti: lusolo lingakhale bwanji ndi moyo pamene mwini wake ali yekha? Ndili ndi mfundo zisanu. Zina ndizidutsa msanga, zina ndikhalitsapo.

Mfundo yoyamba: kukhala pawekha si mphatso.

Ndayamba ndi imeneyi chifukwa pali kalankhulidwe kena kamene sindigwirizana nako, kakuti mavuto ndiwo amabala luso, ndipo mlakatuli weniweni ndi amene wazunzika. Abale anga, mawu otere amanenedwa ndi munthu amene wakhuta. Posachedwapa nditchula alembi amene anatuluka m'ndende ndi mabuku, koma pa aliyense wa iwo panali anthu ambirimbiri amene analowa akuimba n'kutuluka ali chete mpaka imfa. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Orton Chirwa anafera m'ndende ya muno mu Zomba mu 1992. Ndende siphunzitsa munthu kulemba. Imamulanda zaka, thanzi ndi abale. Mliri nawo sunapatse aliyense luso. Unalanda anthu chakudya. Ngati alipo muno amene chaka chonse cha 2020 sanapeke nyimbo ngakhale imodzi chifukwa ankasaka ufa wa ana, asadziimbe mlandu. Akulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ntchito yoyamba ya mmisiri pa nthawi yovuta ndi kukhala ndi moyo. Zonse zimene ndinene kuchokera pano zikutsamira pa zimenezi.

Mfundo yachiwiri, imene ndikhalitsepo: mutu wanu ndi nkhokwe imene wina sangathyole.

Kuchokera pamene takhala pano, ndende ya Mikuyu si patali. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anagwira Jack Mapanje muno mu Zomba. Anali mkulu wa nthambi yophunzitsa Chingerezi ku Chancellor College, komanso mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la alembi pa sukuluyo cha m'ma 1970. Buku lake la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu za kuno. Sanamuzenge mlandu, sanamuuze chimene analakwa, sanamuuze tsiku lotuluka. Anamuveka foya n'kumutsekera ku Mikuyu mpaka Meyi 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Sanali woyamba: Sam Mpasu anakhalako kuyambira 1975 chifukwa cha buku lake lotchedwa Nobody's Friend.

Taganizirani munthu amene moyo wake wonse unali pepala ndi cholembera, ndipo zonsezo zaletsedwa. Kupezeka ndi kapensulo unali mlandu. Nanga anatani? Anapeka ndakatulo m'mutu n'kuzisunga momwemo. Atatuluka anayamba kuzifukula, ndipo mu 1993 panatuluka buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, kenaka mu 1998 lina lotchedwa Skipping Without Ropes.

Ndikufuna muone zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, luso losunga mawu m'mutu si lachilendo kwa ife. Mapanje yemweyo, asanamangidwe, anasonkhanitsa pamodzi ndi Landeg White ndakatulo zapakamwa za mu Africa m'buku limene linatuluka mu 1983. Ankadziwa bwino kuti agogo athu anasunga nthano, mbiri ya mafuko, nyimbo zapamtondo ndi miyambi kwa zaka mazanamazana popanda kope. Ankatha bwanji? Ankaumba mawu m'njira yoti asatayike. Mzere unkakhala waufupi, wokwana mpweya umodzi. Mawu ena ankabwerezedwa kuti akhale ngati pogwirira. Kamvekedwe kankatsatira kugunda kwa munsi kapena kuponda kwa phazi, moti thupi linkakumbuka ngakhale mutu utaiwala. Chimene ife timachiyesa chokometsera chabe, kubwereza ndi kuyankhana, chinali njira yosungira. Ife a masiku ano tapereka ntchito imeneyi kwa foni. Foni ikabedwa, ndakatulo za chaka chonse zapita. Ndikupemphani alakatuli muli muno: ndakatulo yanu muziyamba mwaipeka ndi pakamwa, mukuyenda, mukutunga madzi, mukupalasa njinga, ndipo muziilemba pokhapokha itakhazikika m'mutu. Mudzaona kuti mzere umene ukukana kukumbukika nthawi zambiri ndi mzere wofooka. Mutu umapeta wokha, umataya mankhusu n'kusunga maso. Ndibwereze: chimene chili m'mutu mwanu, palibe msilikali, mbala kapena kuzima kwa magetsi kumene kungakulandeni.

Chachiwiri, taonani zimene iye analemba. Mitu ya mabuku awiriwo ikutiuza. Woyamba ukunena za timbalame timene tinkasonkhana pa ndendepo n'kumalongolola. Wachiwiri ukunena za akaidi olumpha chingwe popanda chingwe, pofuna kulimbitsa thupi pamene chingwecho n'choletsedwa. Munthu womasuka angadutse timbalame totere tsiku lililonse osationa. Amene dziko lake lachepa mpaka kufika pa mpanda amayamba kuona zimene zili mkati mwa mpandawo, ndipo amazipeza zili ndi zambiri zoti zinene za ulamuliro, za njala, za kuseka kwa anthu ozunzika. Achinyamata ambiri amandiuza kuti alibe cholemba chifukwa sanapite kulikonse. Ndimawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pakhonde la kwanu mmawa umodzi wathunthu, foni ili m'nyumba. Mverani mmene wogulitsa makala amaitanira malonda, mmene apongozi awiri amapatsirana moni atatalikirana, mmene mwana amanamizira amake. Nkhani zili pomwepo. Kudekha ndiko kumasowa, ndipo m'bindikiro, ngakhale ndi wowawa, umakakamiza munthu kudekha.

Mfundo yachitatu: gwirani ntchito ndi chimene chili m'manja.

Pa 31 Disembala 1977 boma la Kenya linagwira Ngũgĩ wa Thiong'o chifukwa cha sewero limene iye ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ anakonza ndi anthu wamba a ku Kamĩrĩĩthũ. Anamutsekera kundende ya Kamĩtĩ pafupifupi chaka chathunthu popanda mlandu. Pepala limene linkapezeka linali la kuchimbudzi, lolimba ndi lokhakhala, ndipo iye analembapo buku lonse, limene linasindikizidwa mu 1980 ndi dzina loti Caitaani Mũtharaba-inĩ. Ku Nigeria, Wole Soyinka anatsekeredwa pa nthawi ya nkhondo ya Biafra kuyambira 1967 mpaka 1969, miyezi 22 ali yekhayekha m'chitolokosi, ndipo ankalemba pakati pa mizere ya mabuku amene ankamulowetsera mobisa.

Kwa oimba ndili ndi chitsanzo cha ku Ulaya. Olivier Messiaen, wopeka nyimbo wa ku France, anagwidwa ndi asilikali a Germany mu 1940 n'kuikidwa mumsasa wa akaidi a nkhondo ku Görlitz. Mumsasamo munalinso oimba ena atatu: wina woliza chitoliro cha clarinet, wina violin, wina cello. Iye mwini ankaimba piyano. Zida zinayi zimenezi sizinkaphatikizidwa kawirikawiri, koma ndizo zinalipo, ndipo anapeka nyimbo ya zida zinayi zomwezo. Inaimbidwa koyamba pa 15 Januwale 1941 pamaso pa akaidi anzake ndi owalondera, kunja kukuzizira koopsa, ndipo mpaka lero ikuimbidwa padziko lonse. Akanadikira gulu lokwanira, nyimboyo sikanabadwa.

Koma sitifunika kupita kutali kuti tiphunzire zimenezi. Banjo ya Amalawi inabadwa ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya. Allan Namoko, amene sankaona, anatisiyira nyimbo zimene sizikufa ndi banjo yotere. Babatoni amene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay wayenda naye m'maiko akunja ndi mtengo, ng'oma ndi waya umodzi. Ndipo muno momwe, m'ndende yaikulu ya Zomba, imene inamangidwira anthu ochepera 400 koma imasunga oposa 2,000, akaidi anajambulidwa akuimba mu 2013. Amuna anali ndi bandi ndi zida zake. Amayi analibe, anali ndi mawu awo, manja ndi zimene akanatha kugogoda. Chimbale chawo, I Have No Everything Here, chinatuluka mu 2015 ndipo chinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya dziko lathu. Oimba athu a m'masitudiyo okwera mtengo anali asanafikepo pamenepo.

Sindikunena kuti umphawi ndi wabwino kapena kuti tisiye kufuna zida zabwino. Tizifuna, ndipo boma ndi makampani azitithandiza kuzipeza. Chimene ndikukana ndi kudikira. Ndikadzapeza laputopu ndidzalemba buku. Ndikadzapeza ndalama ya situdiyo ndidzapeka nyimbo. Penti ikadzatsika mtengo ndidzajambula. Anzanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Makala alipo, dothi la katondo lilipo, makope akale a ana ali ndi masamba osalemba kumapeto, foni yotchipa imajambula mawu. Ndipo pali china chimene amisiri akale amachidziwa: chida chochepa chimakakamiza munthu kuganiza. Woimba ndi waya umodzi alibe pobisala. Ngati nyimboyo ilibe mtima, aliyense amva.

Mfundo yachinayi ndi ya ufulu, ndipo ndiyo mtima wa nkhani yanga.

Mwina mukudabwa kuti munthu wotsekeredwa angapeze bwanji ufulu. Tibwerere kwa Ngũgĩ. Asanamangidwe anali atalemba mabuku a nthano zazitali anayi, onse m'Chingerezi, ndipo anali wotchuka nawo. Ali m'chitolokosi, mopanda wosindikiza, mopanda mphunzitsi womuyesa, mopanda wogula, anadzifunsa kuti akulembera yani. Yankho linali lakuti akulembera amayi ake ndi alimi a kwawo, ndipo buku la pa pepala la kuchimbudzi lija analilemba m'Chigikuyu. Kuyambira pamenepo nthano zake zazitali ankayamba kuzilemba m'chinenero chakecho mpaka anatisiya mu 2025. Amene anamumanga ankafuna kumutseka pakamwa, koma m'menemo ndi mmene anamasuka ku mantha oti buku lofunika liyenera kulembedwa m'chilankhulo cha atsamunda.

Tsono ndikufunseni, inu mumaopa yani mukamagwira ntchito yanu? M'masiku a chipani chimodzi tinkaopa bungwe lounika mabuku ndi zisudzo, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo alembi anaphunzira kubisa mawu ngati birimankhwe. Lero mantha athu ndi ena. Woimba amaopa kuti wailesi siiseweretsa nyimbo yake ikapanda kufanana ndi imene yatchuka mwezi uno. Wa zisudzo amalemba sewero molingana ndi uthenga umene bungwe lopereka ndalama likufuna, moti anthu a m'sewerolo amalankhula ngati chikwangwani cha pachipatala. Wosema amasema njovu ndi mvuu zomwezomwezo chifukwa ndizo mlendo amagula. Mlakatuli amawerenga kuti ndi angati akonda ndakatulo yake pa Facebook, ndipo ya mawa amailemba kuti achuluke. Sindikunyoza aliyense, tonse timadya, ndipo ana amafuna fizi. Koma munthu akakhala zaka akuyang'ana nkhope za omvera asanatsegule pakamwa, amafika poiwala mawu ake enieni.

M'bindikiro umachotsa nkhope zimenezo kwa kanthawi. Palibe wogula, ndiye palibe womusangalatsa. Mungathe kusema chinthu chimene palibe mlendo angagule. Mungathe kuimba m'Chisena, m'Chiyao, m'Chilhomwe kapena m'Chitumbuka cha agogo anu popanda wokuuzani kuti msika wake ndi wochepa. Koposa zonse, mungathe kulephera popanda wokusekani, ndipo luso latsopano silibadwa popanda kulephera kambirimbiri. Ufulu wa mmisiri ndi umenewu: mpata woyesa chimene sukudziwa ngati chitheka.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi, ndipo anazikonzera malo. Sindiulula za kudambwe, si malo ake ano, ndipo mafumu ali pano. Koma aliyense akudziwa kuti chimene chimadzadabwitsa anthu pabwalo chimakhwimira kutali ndi maso a anthu, ndipo mwambo umaletsa wosayenera kusuzumirako. Namwali naye amalangizidwa m'tsimba, osati pamsika. Pitani ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina, zofiira, anajambula ndi Akafula. Zina, zoyera, anajambula ndi Achewa, ndipo zambiri mwa izo n'zokhudza chinamwali cha atsikana. Sizili m'mbali mwa msewu. Zili m'mapanga ndi pansi pa matanthwe, m'mapiri, kumene anthu ankapita mwadala kuti apatuke. Makolo ankadziwa kuti pali ntchito ina imene imafuna kuti mudzi ukhale kaye kumbuyo.

Ndiye ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi. Lero munthu angathe kukhala yekha m'nyumba koma mudzi wonse uli m'dzanja lake. Pa nthawi ya mliri ambiri tinali ndi nthawi yochuluka kuposa kale, koma inathera pa WhatsApp, kuwerenga mauthenga a maliro ndi mphekesera za mankhwala. Kumeneko ndi kusungulumwa kopanda phindu lake: uli wekha, koma phokoso la anthu silikukupatsa mpata woganiza. Ngati mukufuna dambwe lanu, muyenera kulitchinga nokha. Sankhani nthawi, kaya ndi m'bandakucha ana asanadzuke, kaya ndi usiku mbale zitatsukidwa. Foni ikhale kwina. Nthawi imeneyo ikhale yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, ngakhale itakhala theka la ola, ngakhale tsiku limene mulibe chilakolako. Akaidi amene anapirira zaka zambiri amanena zofanana pa mfundo iyi: chimene chimapha munthu m'chitolokosi ndi masiku osasiyana, ndipo chimene chimamusunga ndi ntchito imene wadzipatsa yekha pa nthawi imene waika yekha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndiponso musathamangire kuonetsa. Nyimbo imene mwapeka lero isapite pa intaneti lero lomwe. Isiyeni igone, mudzaimvenso sabata yamawa ndi makutu a mlendo.

Mfundo yachisanu: chokonzedwa kudambwe chimathera pabwalo.

Gule amene satuluka si gule. Wokamba nthano akati padangokhala, amadikira kuti ana ayankhe kuti tili tonse, ndipo akapanda kuyankha nthano imafera pomwepo. Mapanje ankapeka m'mutu koma ankapekera anthu, ndipo ankapeza njira zotumizira mauthenga kunja mobisa, mpaka alembi a m'maiko ambiri anafuula kuti atulutsidwe. Messiaen anaimbira akaidi anzake. Palibe mwa anthu amene ndatchulawa amene ankakonda kukhala yekha. Onse ankagwira ntchito akuyang'ana kuchitseko.

Taonani ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Malo amenewa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa kwawo, umene lero ukusunga anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Malamulo sawalola kukhala kapena kugwira ntchito kunja kwa msasa mwaufulu. Mlakatuli wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, amene ambiri timamudziwa kuti Menes la Plume, ataona kuti anthu ake sangapite kubwalo, anaitanira bwalo kumsasa. Mu 2014 anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, cholowa ulere, ndipo Amalawi ndi alendo zikwizikwi akhala akupita kukaonera oimba, ovina ndi alakatuli mkati mwa msasa momwemo, ena n'kugona m'nyumba za othawa kwawowo.

Taonaninso zimene zinachitika m'chaka cha mliri chomwecho. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo athu Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, n'kujambula nawo nyimbo zawo zakale. Panalibe chinamtindi cha anthu, panali mnyamata, nkhalamba ndi kamera. Patapita nthawi nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok n'kumvedwa ndi anthu mamiliyoni ambirimbiri m'maiko amene agogowo sanapondeko. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa cha ulendo wa mnyamatayo wopita kwa mkulu amene ambiri anali atayamba kumuiwala. Pamene mabwalo aakulu atsekedwa, bwalo la anthu awiri limakwanira.

Apa ndiyenera kunena mawu olemera. Kukhala pawekha kuli ndi malire, ndipo kupitirira malirewo kumadwalitsa. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. M'zaka zapitazi tamva za achinyamata ambiri, makamaka amuna, amene adzipha, ndipo aluso sali kunja kwa chiwerengero chimenecho. Mukaona kuti tulo tasowa, chakudya sichikulowa, chimene munkachikonda sichikukomanso, ndipo maganizo oti kuli bwino kufa ayamba kubwera, imeneyo si nthawi yopeka ndakatulo. Imeneyo ndi nthawi yogogoda pakhomo la mnzanu, la abusa, la shehe, la ankhoswe, kapena kupita kuchipatala. Matenda a maganizo ndi matenda ngati malungo, ndipo ali ndi chithandizo. Inunso amene muli bwino, mnzanu waluso akangoti zii, musamati ali kudambwe. Pitani mukamuone.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu, ndipo ndi a ntchito. Kwa aluso: pezani munthu mmodzi kapena awiri amene muziwaonetsa ntchito yanu isanapse, anthu oti angakuuzeni zoona osakuphani mtima. Gulu la alembi la ku Chancellor College linali lotero, anthu okumana kuti awerengerane ndi kudzudzulana, ndipo linatulutsa alembi amene tikuwaphunzira m'sukulu lero. Ntchito ikatha, kailembetseni ku COSOMA kuti thukuta lanu lisadyedwe ndi ena. Kwa aphunzitsi: musamachotse nthawi ya nyimbo, zojambula ndi ndakatulo kuti muonjezere masamu a mayeso, ndipo ana aziloweza ndakatulo za m'zinenero zawo, chifukwa simudziwa kuti ndi uti mwa iwo amene adzakhale tsiku lina ndi mutu wake wokha. Kwa mipingo, mizikiti ndi mabungwe amene mumayendera ndende ndi zipatala: pamodzi ndi sopo ndi shuga, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a kumeneko kuti muzitengako makope, mapensulo ndi mawaya a gitala, ndipo mukabwererako muzifunsa kuti mwalemba chiyani, tiimbireni timve.